Pathfinder Beginner Box: bokosi limene landionetsa kuti +1 si kanthu kochepa

Bokosi ili, loyambira gemu ya pa tebulo yotchedwa Pathfinder, ndakhala nalo miyezi ingapo tsopano, anandibweretsera msuweni wanga pochokera ku Joni, ndipo adventure yonse ya mkatimo tamaliza ine ndi anzanga anayi, nde ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndinenepo maganizo anga, makamaka kwa inu amene munazolowera Dungeons & Dragons ngati mmene ndinalili ine. Ndinena za zimene zili m'bokosimo, koma ndikuuzirenitu kuti ndichedwa kwambiri pa nkhani imodzi, ya crit, chifukwa apa mpamene gemu imeneyi inandigwira mtima ndipo mpamenenso tinakangana kwambiri tsiku loyamba.

Kwa amene simunasewereko magemu oterewa, zimayenda chonchi: munthu mmodzi amakhala GM, ndi amene amafotokoza nkhani ndi kuyendetsa adani, ena nonse aliyense ali ndi munthu wake wa m'nkhanimo. Ukafuna kutema mdani umaponya dayisi ya mbali 20, ija amati d20, nkuphatikizapo bonasi yolembedwa pa pepala lako, zonse pamodzi zikafika pa AC ya mdaniyo, nambala ya chitetezo chake, ndiye kuti wamupeza. Crit ndi kumenya kuja kogwira penipeni, kopweteka kuposa masiku onse. Basi mfundo yake ndi imeneyo, zina zonse ndi kukangana kuti crit imabwera liti komanso imawerengedwa bwanji.

Bokosili ndi la kampani ya Paizo ya ku America, linatuluka mu 2020, patangotha chaka chimodzi Pathfinder Second Edition itatuluka mu 2019, ndipo mtengo wake potuluka unali pafupifupi madola 40. Mkati muli timabuku tiwiri, kamodzi ka osewera kena ka GM, mapu aakulu opinda ojambulidwa mbali zonse ziwiri, tizithunzi ta pakatoni toimika pa mapu toposa 100, madayisi onse ofunika, ndi anthu anayi okonzedwa kale, Valeros fighter (wankhondo), Kyra cleric (wansembe wochiritsa), Merisiel rogue (wozembera) ndi Ezren wizard (wamatsenga). Madayisi ali ndi makala osiyana ndipo makala omwewo ali pa mapepala a osewera, kanthu kooneka kachabe koma mlamu wanga amene anali asanagwireko d12 chibadwire sanasokonezeke olo kamodzi, timangoti tengani ya kala iyo basi. Muli kankhani kosewera wekha koti uphunzire usanaitane anthu, kenako adventure yeniyeni, Menace Under Otari, imene imayambira m'chipinda cha pansi pa malo osungira nsomba m'tauni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Otari, nsomba zikumasowa ndiye inu mukaone chikudya nchiyani. Malamulo a m'bokosimu amakufikitsani pa levo 3. Zinthu zake nzolimba, mapu mutha kulembapo ndi maka yofufutika, ine sindikudandaula nazo ayi.

Tsopano nkhani ija. Ife tinachokera ku D&D 5e, kutanthauza Dungeons & Dragons edition yachisanu, malamulo aja a 2014, ndipo kumeneko crit ndi nkhani ya dayisi yokha. Ikagwa 20 wamenya, kaya AC ya mdani ndi yokwera bwanji, ndipo ndi crit. Ikagwa 1 waphonya olo bonasi yako ikhale yaikulu chotani. Bonasi ilibe mawu pa nkhaniyi, ukaponya 19 uli ndi +11 nkupeza 30 pa mdani wa AC 12 wangomenya wamba, chimodzimodzi ndi amene wapeza 12 ndendende. Cleric akakuponyera Bless, spell yokuwonjezera 1d4 (dayisi imodzi ya mbali 4), imakuthandiza kuti usaphonye koma siyingakupatse crit. Mwayi wake ndi 5 peresenti kwa aliyense, mlimi wongotola mpeni ndi msilikali wa levo 20 mofanana, pokhapokha uli ndi advantage pamene umaponya madayisi awiri mwayi nkufika 9.75 peresenti, kapena uli Champion, mtundu wina wa fighter, amene kuyambira levo 3 amapeza crit pa 19 ndi 20. Ndipo buku latsopano la 2024 silinasinthe maziko amenewa. Zaka zonse zimene ndasewera 5e ndinkaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira, crit ndi mvula, imangogwa.

Mu Pathfinder iyi ayi. Lamulo lake likuti ukapitirira AC kapena DC (nambala yofunika kufika pa kuponya kwina kosakhala kutema) ndi 10 kapena kuposa, imeneyo ndi crit. Ukaperewera ndi 10 kapena kuposa ndi critical failure. Nde zotsatira zilipo zinayi osati ziwiri, kupambana kwambiri, kupambana, kulephera, kulephera kwambiri. Ndipo 20 ya pa dayisi ntchito yake ndi kukukweza sitepe imodzi pa zinayizo, 1 amakutsitsa sitepe imodzi. Mukangowerenga zikuoneka ngati kasinthidwe kakang'ono koma gemu yonse yatsamira pamenepa.

Ndikukumbuka mmene zinachitikira, ine ndinali GM, mng'ono wanga anatenga Valeros. Anaponya 17 nkunena kuti ndamenya, akutenga kale d8 kuti aponye dameji, ine ndikuyang'ana pa pepala ndikuona 17 kuphatikiza 9 ndi 26, mdani AC 16, ndinati aise imeneyo ndi crit. Anakana. Anati 17 si 20, ndipo mnzathu wina amene wasewera 5e nthawi yaitali kuposa tonse anagwirizana naye kuti ndikuwerenga molakwika, mpaka kabuku kanayenda m'manja mwa aliyense pa tebulo. Atakhutira, funso loyamba limene mng'ono wangayo anafunsa ndi limene linandisonyeza kuti gemu yalowa, anati nde ndikamuzungulira kumbuyo AC yake ikatsika, crit yanganso iyandikira? Eya, ndi zimenezo.

Tiyeni tiwerenge pang'ono chifukwa masamu ake ndi okoma. Fighter wa levo 1 amakhala ndi +9, yochokera ku +4 ya mphamvu ndi +5 ya luso lake pa zida popeza iye amayamba ali expert pamene anzake ambiri amayamba ali trained, iwo amakhala pa +7. Pa mdani wa AC 16, fighter amamenya akaponya 7 kupita mtsogolo, crit imayambira pa 17, ndiye 17, 18, 19, 20, mbali zinayi, 20 peresenti. Mnzake wa +7 crit yake imayambira pa 19, 10 peresenti yokha, taonani kusiyana kwa 2 kokha kwapangitsa kuti wina azipeza crit kawiri kuposa mnzake. Tsopano rogue akapita kumbuyo kwa mdaniyo nkumupanikiza pakati, mdani amakhala flat-footed, AC imatsika ndi 2 kufika 14, fighter uja akumenya pa 5 ndipo crit pa 15, yafika 30 peresenti. Wina akamuopseza ndi Demoralize nkukhala frightened 1, AC 13, crit pa 14, 35 peresenti. Kuchoka pa 20 kufika pa 35 popanda fighter kuchita china chilichonse, anzake ndi amene amukonzera njira. Mawu oti flat-footed anasinthidwa kukhala off-guard m'mabuku okonzedwanso aja a 2023, Player Core ndi GM Core, nde mukaona mayina awiriwa musadabwe ndi chinthu chimodzi.

Ichi nchimene ndimati +1 si kanthu kochepa. Mu 5e +1 imasintha mbali imodzi ya dayisi, kuphonya kumasanduka kumenya. Kuno nthawi zambiri imasintha mbali ziwiri, kuphonya kumodzi kumasanduka kumenya komanso kumenya kumodzi kumasanduka crit. Ndanena kuti nthawi zambiri chifukwa si nthawi zonse, ngati ukufunika 12 kuti umenye ndiye crit ikufuna 22 imene pa dayisi palibe, +1 ikangokufikitsa pa 11 crit yako ikadali pa 20 yokha. Phindu lowirikiza limayamba pamene ukumenya ndi 10 kapena kutsika. Anthu ambiri pa intaneti amangoti +1 iliyonse ndi 10 peresenti, si zoona kwenikweni, zimatengera pamene waima.

Ndipo apa mpamene lamulo lina limalowa bwino. Aliyense ali ndi ma action atatu pa turn yake, nde wosewera watsopano amangoganiza kuti nditema katatu. Koma kutema kwachiwiri kuli ndi -5, kwachitatu -10, chida chikakhala agile, chopepuka m'manja, ndi -4 ndi -8. Fighter wathu uja pa AC 16 kutema kwachiwiri ali pa +4, akufunika 12, crit pa 20 pokha. Kwachitatu ali pa -1, akufunika 17. Ndiye action yachitatu ija kuli bwino ukweze chishango, kapena usunthe ukaime pamene mnzako apindule, kapena uopseze mdani. Pa tebulo pathu zinatenga ndewu zitatu kuti anthu asiye kutema katatu, ndipo palibe amene anawalalikira, anangoona okha kuti kutema kwachitatu kukungopita m'mwamba pamene amene waima kumbuyo kwa kobold, mmodzi wa adani a m'nkhanimo, akubweretsa crit kwa mnzake. Mlamu wanga uja amene anatenga Kyra anafika pomafunsa yekha kuti alamu, ndiime pati kuti Valeros apeze 2 uja, munthu amene sabata ziwiri zapitazo samadziwa kuti AC nchiyani.

Nanga dameji? Apanso nzosiyana ndipo ambiri ochokera ku 5e amalakwitsa. Mu 5e crit imawirikiza madayisi okha, bonasi imalowa kamodzi. Lupanga la 1d8+3 limakhala 2d8+3, ndipo mutha kuponya 1 ndi 1 nkupeza 5, yochepa kuposa kumenya wamba kwa tsiku lililonse, amene zinakuchitikiranipo mukudziwa mmene mtima umatsikira utafuula kale kuti crit. Mu Pathfinder iyi umaponya dameji monga mwa nthawi zonse, kuphatikiza bonasi, kenako zonse kuchulukitsa kawiri. 1d8+4 ukaponya 5 ndi 9, crit ndi 18. Yochepetsetsa ndi 10, yokwera kwambiri 24. Sneak attack ya rogue nayonso imawirikizidwa. Nde bonasi ya mphamvu ikugwira ntchito kawiri, yakuthandiza kufika pa crit kenako yawirikizidwanso mu dameji. Pali zida zina zimene zimakoma pa crit penipeni, rapier, lupanga lowonda lobaya, ili ndi deadly d8, kutanthauza kuti ukamaliza kuwirikiza umaponyanso d8 imodzi nkuwonjezera pamwamba, iyoyo siyiwirikizidwa. M'malamulo athunthu mulinso fatal, monga pick imene dayisi yake ya d6 imasanduka d10 pa crit nkuwonjezeranso d10 ina. Zida zoterezi m'manja mwa fighter zimaopsa chifukwa iye ndi amene amafika pa crit kawirikawiri.

Achikulire amene anasewera D&D 3.5 ya 2003 kapena Pathfinder yoyamba ya 2009 akumbukira kuti kumeneko ukaponya 20, kapena 19 ndi lupanga lalitali, umayenera kuponyanso kachiwiri kuti utsimikize crit, ukaphonya kachiwiriko yangokhala kumenya wamba. Kumeneko bonasi inali ndi mawu, koma kudzera mu kuponya kawiri. Njira ya 10 pamwamba iyi ikuchita ntchito yomweyo ndi kuponya kamodzi, ndipo kwa ine ndi yabwino kuposa zonse ziwiri.

Chimene chinatisokoneza kwambiri, ndipo apa ndikuona kuti bokosili likanachedwapo pang'ono pofotokoza ndi zitsanzo zambiri, ndi mitundu ya mabonasi. Ilipo itatu, circumstance, status ndi item, ndipo awiri a mtundu umodzi saphatikizana, umangotenga wamkulu. Mdani akagwa pansi ndi flat-footed, mukamupanikiza pakati ndi flat-footed, koma zonse ziwiri pamodzi ikadali -2 osati -4 chifukwa ndi -2 ya circumstance yomweyo. Pamene frightened ndi status, nde imaphatikizana ndi -2 ija nkukhala -3. Mu gemu imene nambala iliyonse ikusuntha mzere wa crit, kulakwitsa apa si nkhani yaing'ono, ife ndewu ina tinapatsa mdani -4 molakwika ndipo anagwa turn yoyamba, tinazindikira mawa lake. Langizo langa kwa GM watsopano, lembani mitundu itatuyi pa kapepala muike pakati pa tebulo.

China choti mudziwe, 20 ya pa dayisi kuno si mfumu. Fighter wa +9 akalimbana ndi chinthu cha AC 30, akaponya 20 wapeza 29, kumeneko ndi kulephera, 20 uja amangomukweza kufika pa kumenya wamba, crit palibe. Ndipo chinthu chikakhala chokwera kwambiri moti olo ndi 20 waperewera ndi 10, wangochoka pa kulephera kwambiri kufika pa kulephera. Mnzathu wa 5e uja mpaka lero lamulo ili silimusangalatsa, amati 20 izikhala 20, munthu wamba azikhala ndi kamwayi kobaya dragon m'diso. Ndikumumvetsa, chisangalalo chija cha tebulo lonse kuimirira 20 ikagwa ndi chenicheni. Koma mu adventure yonse ya m'bokosili ife sitinakumane ndi pamene 20 pa kutema inakanika kukhala crit, chifukwa adani ake ndi a msinkhu wanu, nde ndi nkhani ya pa pepala kuposa ya pa tebulo.

Chimene chili cha pa tebulo zedi ndi choti lamulo la 10 limagwiranso ntchito kwa adani. Apa musanamizidwe, gemu iyi imaluma. Popeza levo imalowa mu bonasi ya kumenya komanso mu AC, chilombo chimene chakuposani ndi malevo awiri kapena atatu chimakupezani ndi crit pafupipafupi. Tinene kuti chili ndi +12 ndipo wizard wanu ali ndi AC 15, chikumenya pa 3, crit pa 13, imeneyo ndi 40 peresenti pa kuluma koyamba, ndipo wizard wa levo 1 alibe HP, nambala ya moyo wake, yoti nkupirira zimenezo kawiri. Kuwonjezera apo ukagwetsedwa ndi crit umayambira pa dying 2 osati dying 1, pamene imfa ili pa dying 4. Chilombo chomaliza cha Menace Under Otari, sindichitchula kuti ndisakuonongereni, chinagwetsa awiri mwa anayi athu ndipo panali chete weniweni pa tebulo. Amene anatipulumutsa ndi Valeros ndi chishango chake, Raise a Shield imapatsa +2 pa AC mpaka turn yako yotsatira, ndipo 2 ameneyo amachotsa mbali ziwiri za kumenya komanso mbali ziwiri za crit. Kawiri konse ndinaponya nambala imene ikanakhala crit chishango chikanakhala pansi, ndinawauza poyera kuti iyi ikanakhala crit, ndipo kuyambira pamenepo mng'ono wanga saiwala kukweza chishango. Ma GM anzanga chitani zimenezi, muziwauza osewera pamene +1 kapena +2 yasintha zotsatira, apo ayi saona phindu la zimene achita.

Ma spell nawonso ali m'dongosolo lomweli, zimene mu 5e kulibe. Pa basic save, kuponya kwa mdani kodziteteza ku spell, iye akapambana kwambiri salandira kanthu, akapambana amalandira theka, akalephera yonse, akalephera kwambiri kawiri. Wizard wa levo 1 amakhala ndi DC 17, nde mdani akapeza 7 kapena kutsika moto umamuotcha kawiri. Ndiye kuopseza mdani kuti akhale frightened kumathandizanso wizard chifukwa -1 ija imagweranso pa ma save ake. Komabe ndinene chilungamo, amene anatenga Ezren amaona kuti ma crit ambiri akupita kwa fighter, ndipo sakunama. Ngati pa gulu lanu pali munthu amene amafuna kuti iye ndi amene aziponya dameji yaikulu, mpatseni Valeros kapena Merisiel, Ezren ndi Kyra apite kwa amene amasangalala kukonzera anzawo.

Vuto lina ndi liwiro. Mu 5e ukaona dayisi umadziwa pompo ngati ndi crit. Kuno kuponya kulikonse uyenera kuphatikiza, kuchotsa, kufanizira ndi AC kenako kufunsanso kuti kodi yapitirira ndi 10, ndipo tsiku loyamba zinkatichedwetsa ndithu. Ine ndinapeza njira yolemba nambala ziwiri pambali pa mdani aliyense ndisanayambe, 16 ndi 26, 18 ndi 28, nde ndimangoyang'ana. Pofika tsiku lachitatu zinali zitalowa m'mutu. Koma ngati gulu lanu limadana ndi masamu ndipo limangofuna nkhani ndi kuseka, 5e ikukwanirani bwino, musadzikakamize. Komanso chilichonse m'bokosimu ndi Chingerezi, ife timasewera tikusakaniza, ine ndimafotokoza nkhani m'Chichewa koma mayina a malamulo timawasiya mmene alili kuti tikafuna kufufuza tisasochere.

Kodi ndi loyenera ndalama zake? Kwa ine eya, makamaka mukakhala anthu anayi kapena asanu nkusonkherana, chifukwa simufunikanso kugula china kuti muyambe, madayisi, mapu, tizithunzi zonse zilimo, ndipo zimenezi mudzazigwiritsabe ntchito adventure ikatha. Chimene limachita bwino kwambiri ndi kuphunzitsa pang'onopang'ono, chipinda chilichonse chimabweretsa lamulo latsopano limodzi ndipo kabuku ka GM kamakuuza zoti uchite pamenepo, ine amene ndinali ndisanayendetseko Pathfinder sindinachite mantha. Pochepa pake ndi poti makalasi ndi anayi okha ndipo mitundu ya anthu ndi itatu, munthu, elf ndi dwarf, nde amene amakonda kupanga anthu achilendo atopa nalo msanga. Koma malamulo athunthu a gemuyi amapezeka ulere pa webusaiti ya Archives of Nethys, ndi chilolezo cha Paizo yemwe, pa foni amatseguka bwinobwino, ndiye mukamaliza levo 3 simuima.

Ife tagwirizana kupitiriza ndi adventure ya Troubles in Otari imene imayambira pamene bokosili lathera, anthu athu omwewo. Mng'ono wanga wanena kale kuti akufuna kusiya lupanga atenge pick chifukwa cha fatal ija, ndipo mlamu wanga akufufuza ma spell onse a cleric amene amapatsa +1 ya status kuti aziphatikiza ndi kupanikiza pakati kuja. Mnzathu wa 5e uja akubwerabe Loweruka lililonse, watenga Merisiel, ndipo ndi amene amayamba kuthamangira kumbuyo kwa mdani.